Mafunso Anu pa Zachitetezo: Ana Athu Akukatani ku Congo?

Makalata a mwezi uno abwera ambiri, koma ndasankhapo anayi. Yoyambayi ndinaiwerenga kawiri ndisanagwire cholembera, ndipo ndi yomwe ndichedwepo.

FUNSO: Bambo, ine ndine mayi wamasiye wa ku Ntaja. Mwana wanga wachiwiri ndi msilikali. Mu 2025 tinamva pa wailesi kuti mtsogoleri wa dziko walamula kuti asilikali a ku Congo abwerere kumudzi, mtima wanga unakhala pansi. Tsopano mwanayu wandiimbira foni kuti dzina lake lili pamndandanda wa opita ku Congo komweko. Nanga lamulo lija linathera kuti? Ndifunsenso mosabisa mawu. Congo sitichita nayo malire, sinatilakwire. Ana athu akukafera chiyani kumeneko?

YANKHO: Amayi, pepani ndi nkhawa yomwe muli nayo. Funso lanu lachiwirilo malemu mayi anga anandifunsa ine mu 1988, atagwira chikwama changa pakhomo kwathu ku Ntcheu, ndipo tsiku limenelo ndinasowa chowayankha. Inu ndiyesetsa kukuyankhani.

Ndiyambe ndi za lamulo lija. Wailesi sinakunamizeni, koma ku Congo tinali ndi magulu awiri a asilikali, otumidwa ndi mabungwe awiri osiyana. Gulu limodzi linapita pansi pa bungwe la maiko a kum'mwera kwa Africa la SADC. Linayamba kufika kumeneko mu Disembala 2023, pamodzi ndi anzathu a ku South Africa ndi Tanzania, ndipo linakhala kumbali ya Goma ndi Sake. Limeneli ndi lomwe a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, analamula mu Febuluwale 2025 kuti likonzeke kubwerera, titataya anyamata atatu pamene zigawenga za M23 zinkalanda mzinda wa Goma. Pa 13 Malichi chaka chomwecho SADC inatseka ntchitoyo. Gulu linalo lili pansi pa United Nations, aja ovala zisoti zabuluu. Lakhala likusinthana kumeneko kuyambira 2013, ndipo kwa zaka zambiri malo ake akhala a ku Beni, kutali ndithu kumpoto kwa Goma. Pangano lake ndi lina, ndalama zake ndi zina, akuluakulu ake ndi ena. Mumufunse mwana wanu kuti chisoti chomwe akavale ndi chamtundu wanji. Akakuuzani kuti chabuluu, mudziwe kuti lamulo lija silinakhudze gulu lake.

Tsopano za kukafera chiyani. Mu 1988 muja ndinali mnyamata wa zaka 23, ndangotuluka kumene ku depoti. Anatitumiza ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, ija imadutsa m'boma lanu lomwelo la Machinga n'kutulukira pa Nayuchi kulowera ku Cuamba. Masiku ambiri ntchito yathu inali kuyenda pansi patsogolo pa sitima, maso ali pa miyala ya njanji. Mwala womwe wakhalitsa padzuwa umayera pamwamba. Ukaona miyala ingapo yakuda, yachinyezi, pakati pa yoyera, unkadziwa kuti dzanja la munthu laitembenuza usiku, ndipo mwina pansipo pakwiriridwa bomba. Unkangokweza dzanja, mzere wonse n'kuima chilili, osamvekanso jombo, kungomveka nyenje zokha m'mitengo. Tsiku lina tinafika pamudzi wotenthedwa, tinapeza agogo aakazi atakhala paphulusa la nkhokwe yawo. Mnzathu wina wa ku Phalombe anawalankhula m'Chilomwe, iwo anamugwira mkono osafuna kumusiya. Anali anthu amodzi, malire okha ndiwo anawagawa.

Nkhondo imeneyo sinali yovuta kuifotokoza, ngakhale ine ndinalephera pakhomo paja. A Renamo anali atadula njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, moti mafuta ndi feteleza zinkachita kubwera pa malole kuchokera ku Durban, mitengo n'kukwera mosaneneka. Othawa nkhondo anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo ku Nsanje anachuluka kuposa eni nthaka. Moto unali pa tsindwi la nyumba yoyandikana nayo.

Za Congo sizili choncho, ndipo sindikunamizani kuti n'zofanana. Komabe utsi wake umafika kuno. Pitani ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasa umene uja unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, lero muli anthu oposa 50,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku Congo. Dziko la Congo ndi membala mnzathu wa SADC, ndipo mu 2003 maiko a bungweli anasainirana pangano lothandizana pa chitetezo. Malamulo oyendetsera dziko lathu, gawo 160, amanenanso kuti imodzi mwa ntchito za asilikali ndi kukagwira ntchito kunja kwa dziko molingana ndi mapangano omwe Malawi walowamo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Dziko laling'ono ngati lathu, lopanda doko, lopanda ndege zankhondo, chitetezo chake chenicheni ndi anansi omwe angathamange likakuwa.

Palinso nkhani ya ndalama, yomwe ambiri amachita nayo manyazi. Ine sindichita nayo manyazi. United Nations imalipira boma lotumiza asilikali madola oposa 1,400 pamwezi pa msilikali aliyense, kuphatikizapo ndalama zina za magalimoto ndi zida zomwe gululo lapita nazo. Msilikali nayenso amalandirapo alawansi, ndipo nyumba zambiri zamalata zomwe mumaziona m'midzi ya asilikali zinachokera kumeneko. Mwana wanu ayenera kuti anakuimbirani foni ija ali wokondwa, akuwerengera kale njerwa. Musamudzudzule. Koma ndalama ikhale yotsatira pambuyo. Ikakhala kutsogolo, ndiye kuti tayamba kugulitsa magazi.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine si kupita kwa anyamatawa ayi, koma kuti amapita ndi chiyani m'manja. Taonani kusiyana kwa 2013 ndi 2023. Mu Malichi 2013 United Nations inachita chomwe inali isanachitepo. Inakhazikitsa gulu la asilikali pafupifupi 3,000 ochokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi, n'kulipatsa chilolezo choyamba lokha kuthira nkhondo zigawenga, osadikira kuputidwa. Gululi linali ndi mizinga, linalinso ndi mahelikoputa ankhondo a Rooivalk ochokera ku South Africa. Pofika Novembala chaka chomwecho a M23 anali atagonja n'kuthawira ku Uganda ndi Rwanda. Patapita zaka khumi, maiko atatu omwewo anabwerera kukakumana ndi mdani wa dzina lomwelo, koma mdaniyo anali atasintha. Akatswiri a United Nations analemba mu 2024 kuti asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 ankamenya nkhondo limodzi ndi M23, ngakhale boma la Rwanda limakana, komanso kuti kumeneko kunali zida zogwetsera ndege ndi zosokoneza GPS. Gulu la SADC linapita lochepa kuposa momwe anakonzera, lopanda chitetezo chokwanira chakumwamba. Goma itagwa kumapeto kwa Januwale 2025, bwalo la ndege linatsekedwa, anyamata n'kukhala miyezi m'misasa yozingidwa ndi adani. Potuluka anachita kudzera pamsewu m'dziko la Rwanda mpaka ku Chato ku Tanzania. A ku South Africa anataya asilikali 14. Sanagonje chifukwa cha mantha. Anatumidwa kumunda ndi khasu losakwana ntchitoyo, ndipo amene anawatuma ndiwo ayenera kuyankha.

Za kulimba mtima kwa ana athu musakayike. Pa 14 Novembala 2018, kufupi ndi Beni, asilikali athu ndi a ku Tanzania anakumana ndi zigawenga za ADF m'nkhalango. Tinataya anyamata 6. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala zipolopolo zikugwa ngati matalala. Anabwerera, anamukokera pobisika, n'kuyamba kumumanga mabala. Chipolopolo chinamupeza ali pantchito imeneyo. Wa ku Tanzania uja anapulumuka. Mu Meyi 2019 banja la Chitete linakalandira ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe ndi yapamwamba koposa kwa osungitsa mtendere a United Nations. Ndakuuzani izi kuti mudziwe zonse ziwiri: kuti mwana wanu akupita pakati pa anzake omwe sangamusiye pansi, komanso kuti ku Beni si kosewera. A ADF amapha anthu wamba ndi zikwanje m'minda mwawo, ndipo pali midzi yomwe imagona tulo chifukwa pafupi pali msasa wa ana a ku Malawi.

Msilikali sakana ulendo, choncho musamulemetse mtima pomupempha kuti akazembe. Koma asananyamuke mukhale naye pansi. Mumufunse kuti pamapepala ake a kuntchito analembapo ndani ngati wachibale woyamba kudziwitsidwa, ndipo ndani wolandira chipukuta misozi. Ngati anakwatira posachedwa kapena ali ndi mwana, akakonze mapepalawo asanakwere ndege. Ndaona mabanja akudana pamaliro chifukwa cha dzina limodzi lomwe silinasinthidwe. Akusiyireninso nambala ya ofesi yoona za mabanja kubaraki kwawo. Foni ikakhala chete sabata ziwiri musayambe kulira, kumeneko netiweki imavuta, ndipo nthawi zina amaletsedwa kuimba. Uthenga woipa sumabwera pa WhatsApp, amabwera nawo anthu ovala yunifomu.

Funso lanu lija musalisunge m'nyumba. Ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti yoona za chitetezo. Phungu wanu akabwera kumsonkhano, muimirire mumufunse kuti ana akupitawa ali ndi zida zotani, wovulala amutulutsa bwanji, ndipo ntchitoyi idzatha liti. Mayi wa msilikali ali ndi ufulu wofunsa zimenezo kuposa wina aliyense pabwalopo.

FUNSO: Agogo, ndili Fomu 4 ku Kasungu. Pafoni ndimaona makanema a ku Ukraine, kandege kakang'ono kopanda munthu kakuphulitsa kasinja wamkulu. Ngati ma drone ndi otchipa chonchi, bwanji Malawi osagula ambirimbiri kuti tikhale amphamvu?

YANKHO: Mwana wanga, maso ako akuona bwino. Chiyambire nkhondo yaikulu ya Russia ndi Ukraine mu Febuluwale 2022, tindege timeneti tasintha kamenyedwe ka nkhondo. Kamodzi ka madola mazana ochepa, komangiriridwa bomba, kamatha kuwononga kasinja wa madola mamiliyoni. Alipo ena aakulu, monga Bayraktar TB2 ya ku Turkey, yomwe inathandiza Azerbaijan kugonjetsa Armenia mu 2020, ndipo ma drone anathandizanso boma la Ethiopia kubweza asilikali a Tigray kumapeto kwa 2021. Koma kanema amakuonetsa kamodzi komwe kagunda. Sakuonetsa ena ambirimbiri omwe anagwa m'munda chifukwa mdani anasokoneza mafunde a wailesi yowayendetsera, kapena anthu omwe ali kumbuyo kwake: owulutsa, okonza, otchaja mabatire, owerenga zithunzi. Ndipo ku Ethiopia ndi ku Sudan tindege tomweti tapha anthu wamba ochuluka m'misika ndi m'misasa ya othawa.

Ndikufunse iwe tsopano. Kasinja amene tikufuna kuphulitsayo ndi wa ndani? Chida umagula utayang'ana chomwe chikupha anthu ako. M'zaka zapitazi chomwe chapha Amalawi ochuluka pakamodzi ndi madzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, anakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, ndipo akufa ndi osowa anaposa 1,000. Asilikali athu anakumba matope ndi makasu ndi manja, anawolotsa anthu pa mabwato, koma kuti chakudya chifike kwa omwe misewu yawo inaduka tinadalira mahelikoputa a ku Tanzania ndi Zambia.

Kumbukiranso pa 10 Juni 2024. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Inapezeka tsiku lotsatira, anthu atafufuza m'chifunga. Akatswiri a ku Germany omwe anafufuza ngoziyo anapeza kuti kachipangizo kotumiza uthenga ndege ikagwa kanali ndi batire lomwe nthawi yake inatha mu 2004. Batire, mwana wanga. Nditawerenga zimenezo ndinakhala chete nthawi yaitali. Luso la zankhondo limayambira pa zinthu zosaoneka pa kanema: sipeyala, mafuta, mawailesi omveka, makaniko wophunzira bwino, ndi buku lolembamo tsiku losinthira chilichonse.

Ndiye ine atandipatsa chikwama cha boma, ndingayambe ndi mahelikoputa onyamula anthu ndi katundu, maboti a panyanja ndi pa Shire, ndi milatho yachitsulo yoyala msanga. Ma drone ndingagule ndithu, koma oyang'ana: olondera malire, nkhalango ndi nyanja, ofufuza osowa, okhala ndi kamera yoona kutentha kwa thupi la munthu usiku. Pamenepa sitili m'mbuyo monga ukuganizira. Kwanu ku Kasungu komweko ndi komwe boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017 malo oyeserapo ma drone othandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy. Tindege totere tanyamulapo kale mankhwala kupita kuzipatala zovuta kufikako ku Chigwa cha Shire. Limbikira masamu ndi fizikisi pa mayeso akubwerawa. Wodziwa kukonza kandegeko adzafunika kwambiri kuposa wodziwa kungokawulutsa.

FUNSO: Munthu wina wandiuza kuti ali ndi m'bale wake wamkulu kubaraki, ndipo ndikamupatsa ndalama dzina la mng'ono wanga lilowa pa olembedwa usilikali. Ndipereke? Ndine wa ku Mponela.

YANKHO: Achimwene, musapereke ngakhale tambala. Usilikali sagula. Nthawi yolemba ikafika amalengeza poyera m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo mnyamata amayesedwa yekha: satifiketi yake, thupi lake kwa dokotala, ndi miyendo yake pothamanga. Akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza kambirimbiri za akathyali otere. Sungani mauthenga ake onse ndi nambala yomwe akuti mutumizeko ndalamayo, mupite nazo kupolisi. Mng'ono wanuyo ayambe kuthamanga m'mamawa uliwonse.

FUNSO: Bambo, ndine msodzi wa usipa ku Karonga. Kawirikawiri timamva kuti a Tanzania akuti theka la nyanja ndi lawo. Kodi tsiku lina kudzabuka nkhondo? Ndigulitse injini ndisamukire kumtunda?

YANKHO: Bambo, injiniyo isungeni. Mkanganowu ndi weniweni ndipo ndi wakale. Mu 1890 Britain ndi Germany anagwirizana kuti malire kumpoto kwa nyanjayi adutse m'gombe la kum'mawa, ndipo Malawi amaima pa pangano limenelo, komanso pa mfundo yomwe atsogoleri a Africa anamanga ku Cairo mu 1964 yakuti malire omwe atsamunda anasiya asasunthidwe. Tanzania imati malire a panyanja amayenera kudutsa pakati pa madzi. Kumbali ya Mozambique kulibe phokoso chifukwa Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1954 kuti kumeneko malire akhale pakati, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe zathu. Nkhaniyi inatentha mu 2012, Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Atsogoleri opuma, motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano a ku Mozambique, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zokambiranazo zinaima popanda chigamulo. Ine maganizo anga ndi akuti pepala lili kumbali yathu, ndipo mlandu wa pepala malo ake ndi kukhoti la maiko ku The Hague.

Inu a ku Karonga mukudziwa kuposa ine chomwe nkhondo ya m'dera limenelo imasiya. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ku Liuli, tsidya lija. Mwezi wotsatira nkhondo inafika pa Karonga penipeni, ndipo manda ake alipobe. Makolo athu anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwidwa mtengatenga kunyamula katundu wa asilikali, ena mwa iwo osabwerera.

Lero mafuta ambiri omwe mumathira mu injini yanuyo amachokera ku doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Asilikali a maiko awiriwa agona m'ngalande imodzi ku Congo kwa zaka zoposa khumi. Sindikuona mtsogoleri wa ku Lilongwe kapena wa ku Dodoma yemwe angapindule potseka njira imeneyo.

Chomwe chingakuvuteni inu ndi kusamvana kwa pamadzi usiku. Muziyenda ndi chitupa chanu cha unzika ndi chilolezo cha usodzi, mutazikulunga mu pulasitiki. Boti la olondera, kaya la kuno kaya la tsidya lija, likakuunikani, zimitsani injini, manja aonekere, musathawe ngakhale chilimila chitatsalira m'madzi. Akakulandani kanthu, musalimbane nawo. Gwirani pamtima tsiku, nthawi, malo omwe munali ndi nambala yolembedwa pabotilo, ndipo mukangofika kugombe mukanene kwa komiti ya padoko lanu, kwa a zausodzi ndi kupolisi tsiku lomwelo.